Chambo cha ku Malombe chili ndi eigenvalue yake

Ophunzira athu a masamu akafika pa ma eigenvalue, nambala zosonyeza mlingo umene chinthu chimakulira kapena kuchepera, amangoloweza njira yowapezera: chotsa lambda, peza determinant, lemba yankho, basi. Mayeso akatha zonse zauluka. Ine ndimati vuto ndi kaphunzitsidwe, osati mitu ya ana.

Nkhaniyi inayamba ndi zinthu zogwirika. M'zaka za m'ma 1700 Leonhard Euler ankafufuza mmene chinthu cholimba chimazungulirira, n'kupeza kuti chili ndi mizere yapadera imene chimatha kuzungulirapo osagwedera. Katswiri wa masamu Cauchy anazikhazika bwino m'masamu mu 1829, dzina loti eigenvalue linabwera ndi David Hilbert mu 1904. Kenaka mu 1926 wasayansi Schrödinger anasonyeza kuti mphamvu zimene elekitironi imatha kukhala nazo mu atomu ya haidirojeni ndi ma eigenvalue, n'chifukwa chake siingangotenga mlingo uliwonse.

Koma mwana wa kuno ku Mangochi ndingamuyambitse ndi chambo, osati atomu.

Gawani chambo cha m'nyanja ya Malombe patatu: kasawala, chapakati, ndi chachikulu choswana. Gulu lililonse lembani kuti ndi nsomba zingati zimapulumuka mpaka chaka chamawa, nanga zimaswa ana angati. Tebulo limenelo ndiye matrix, ndipo chaka chilichonse mumachulukitsa nalo chiwerengero cha nsomba, njira imene Patrick Leslie anaifotokoza mu 1945. Tsono tamverani. Mukabwereza zaka zambiri, kaya munayamba ndi kasawala wambirimbiri kapena zikuluzikulu zokhazokha, kagawidwe ka magulu atatuwo kamakhazikika pamodzimodzi. Zikatero magulu onse amakwera kapena kutsika ndi mlingo umodzi chaka ndi chaka. Kagawidweko ndi eigenvector, mlingowo ndiye eigenvalue.

Tiyerekeze kuti yatuluka 1.1. Ndiye kuti pa nsomba 100 zilizonse zikuwonjezeka 10 pachaka. Ikatuluka 0.9 chambo chikutha, ngakhale lero bwato lifike padoko lodzaza, amayi ogula akulimbirana ndi mabeseni.

Amene amasoka neti ya udzudzu n'kukakokolola kasawala m'mabango amangoona ndiwo za tsikulo, komabe wachepetsa nambala imodzi m'tebulo muja, ya tiana tofika msinkhu woswana. Nambala imeneyo ikatsika kwambiri, eigenvalue imagwera pansi pa 1. Nyanja akamaitseka nyengo yoswana, cholinga chake n'kuikankhiranso pamwamba pa 1, ndipo sizingatheke ngati usiku anthu akulowabe m'madzi mozemba.