Musawaseke asodzi akamakamba za mizimu ya m'nyanja

Dzulo m'minibasi yochokera ku Salima, mnyamata wina amawaseka bambo achikulire omwe amafotokoza za njoka za pachilumba cha Mbenji. Akuti, "Madala, zimenezo n'zachikale." Ndinangokhala duu, koma mtima ukundiwawabe, ndiye lekeni ndilankhule pano.

Ine ndinakulira kunyanja, kwa agogo anga aamuna omwe anali msodzi. Mwera ukavuta, mabwato onse atakokeredwa pamchenga, ankatikhazika pafupi ndi thandala la usipa n'kumatiuza za kuwala koyenda pamadzi popanda bwato, komanso mawu oitana dzina lako kuchokera pakati pa nyanja. Ankati ukamva zotero usayankhe, gwira nkhafi upalase kulowera kumtunda. Nkhani zawo zinkathera pa sitima ya Vipya, yomwe inamira mu July 1946 cha ku Chitimba n'kupita ndi anthu 145. Akaitchula ankavula chipewa. Ankati munthu amene abale ake sanamuthire dothi sagona msanga. Ineyo kuwalako sindinakuonepo, koma dzina la Vipya ndinalimva pamchenga paja ndisanalowe n'komwe m'kalasi, ndipo sindinayerekeze kukankha bwato tsiku la mwera.

Tsono za ku Mbenjiko. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi pachilumbachi nyengo ya dzinja, cha mu December, n'kudzatsegula mu April atathira nsembe kwa makolo. Mowa sufika, chamba ayi, juga ayi, ndipo njoka suipha ngakhale itakulowera m'chisakasa. Asodzi amakhulupirira kuti wophwanya mwambo amaputa mizimu, ndiye amamuthamangitsa okha asanawabweretsere tsoka. Miyezi imeneyo utaka umaswana mwamtendere, n'chifukwa chake asodzi amachoka kutali kudzaponya chilimira kumeneko. Pitani ku nyanja ya Malombe mukafunse komwe chambo chinapita. Malamulo a boma analipo, olembedwa bwinobwino papepala, koma anthu ankakoka makoka osaopa kanthu.

Sikuti zonse ndimavomereza ayi. Lamulo loti amayi asaponde pachilumbachi limandivuta, poti ndi amayi omwewo amene amayanika nsombazo n'kukazigulitsa ku Lilongwe. Nkhani imeneyo ikambidwe ndithu, koma aikambe eni nyanja ndi mafumu awo, osati ife odutsa pa minibasi tikuseka.

Bambo aja anatsikira panjira atanyamula kathumba ka utaka wouma, osayankha kanthu. Ndikudandaula kuti sindinawafunse ngakhale dzina la doko lawo. Agogo anga anatisiya kalekale, ndipo mwa nkhani zonse zija ndatsala nazo zitatu zokha.