Timabokosi 13

Abale anga a m'Chigwa, a pa Bangula, a kwa Tengani, a kwa Ngabu, ndi inu otsala ku Makhanga amene mukulimbanabe ndi madzi, lero mungondilola ndiyankhule, apo ayi mutuwu uphulika. Ine bambo wa zaka 47, mdzukulu ndili naye kale, dzulo kamtsikana ka pa kiliniki ina kuno ku Joni, kamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri, kandiuza pagulu kuti ndipite ndikabwere ndi madamu anga amene ndimawagwirira ntchito. Ngati mwana wa Sitandade 2 amene waswa zenera la kalasi, amuuza akabwere ndi kholo.

Sabata yonse mutu wakhala ukundiwawa chakunkhongo, ndikawerama kuzula udzu m'maso mumachita mdima. Ndinadziwa kuti ndi BP, matenda a pamtundu pathu, amayi nawonso ndi omwewo. Ndiye ndinapempha theka la tsiku n'kukwera takisi kupita kwa dokotala wanga wakale, mkulu wina wachimwenye amene ndakhala ndikupitako zaka 9. Kachipinda kake kanali pamwamba pa shopu ya matayala, masitepe onunkha mphaka. Dzina langa ankalephera kulitchula, koma nkhope ankaidziwa. Ukalowa ankakweza magalasi pamphumi n'kufunsa ngati wasiya mchere. Kuyeza, jakisoni, mapilisi m'kapulasitiki, zonse mtengo umodzi, ndalama pamanja. Zikaperewera ankalemba m'kope la sukulu kuti udzamalize mwezi ukatha. Khadi langa linkakhala m'katoni ya nsapato.

Ndafika dzulo, masitepe apaka penti, pakhomo chikwangwani chowala, m'kati mipando yobiriwira ndi maluwa apulasitiki. Mkulu uja kulibe. Akuti anagulitsa kwa kampani ina ya makiliniki ambirimbiri, iye wapuma. Pamene pankakhala katoni ya nsapato aimikapo kakompyuta pa chitsulo, akuti uzilembetsa wekha. Dzina ndinalemba bwinobwino, sukulu ndinapitako ine. Kenako panabwera timabokosi 13 ta nambala ya chitupa cha kuno ku Joni. Yanga ndi pasipoti ya Malawi, imayamba ndi zilembo. Kudina chilembo, kachinthu kaja kufiira n'kulira twiii. Kuyesanso, twiii. Kachitatu mzere wonse kumbuyo kwanga unali utamva kuti apa pali mlendo. Kamtsikana kaja osadzutsa n'komwe mutu, kakufunsa ngati ndili ndi medical aid, inshuwalansi ya kuchipatala. Ndilibe. Ndalama za m'manja akuti salandiranso, koma khadi la ku banki. Ndipamene kananena za madamu zija, kuti abwere andilembetse pa nambala yawo.

Galu wa madamu omwewo, amene ndimamusambitsa Lachisanu lililonse n'kumupukuta ndi thawulo loposa langa, ali ndi inshuwalansi ya kuchipatala. Akangotsokomola amakwera galimoto pampando wakutsogolo. Ine womusambitsa ndiye timabokosi tandikana.

Zina zija mukuzidziwa kale, sindikutayitsani nthawi. Landilodi amene amakweza lendi akangolota. Wapolisi amene amapinda pasipoti yako ngati akufuna kuyatsira moto mpaka umugulire "chakumwa". Kuzizira kwa Juni, ife anthu obadwira kotentha kumene mbuzi imathawira pansi pa nkhokwe 9 koloko m'mawa. Ku kiliniki ya boma, kumene kale unkangopirira mzere kuyambira 5 koloko, masiku ano pa mageti ena pamaima magulu ofunsa zitupa, odwala ndiwe koma uyambe waonetsa kumene unabadwira. N'chifukwa chake ambirife tinkathawira kwa madokotala ang'onoang'ono a pamwamba pa mashopu. Tsopano nawonso akumezedwa mmodzimmodzi.

Inu a ku Elephant Marsh mukudziwa kuti mlamba waukulu sufunsa kansomba dzina. Kuno zipatala zolipira zambiri zili m'manja mwa makampani atatu, Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare. Si mphekesera ya pa bawo, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda linafufuza zaka zingapo n'kutulutsa lipoti mu 2019 lonena zomwezo, kuti msika wadzaza ndi akuluakulu ochepa ndipo mitengo ikungokwera. Nanga atatuwo akhala phee? Mu 2023 Mediclinic nayo inagulidwa ndi kampani ya Remgro pamodzi ndi MSC. MSC yomwe ija ya sitima zapamadzi, imene mumaona dzina lake pa makontena odutsa pa Mwanza kuchokera ku Beira. Onyamula makontena akugula zipatala, abale. Ndikadwala kwambiri mwina adzandiyeza pa sikelo ya katundu.

Kwinaku ogulitsa sopo nawo alowa m'bwalo. Mashopu a mankhwala a Clicks ndi Dis-Chem ali ndi tizipinda ta anamwino m'kati mwa shopu. Ku America ndiye Amazon, yogulitsa zinthu pa intaneti, inagula makiliniki a One Medical mu 2023. Aliyense wanunkhiza kuti pa matenda pali ndalama, chifukwa munthu utha kuzengereza kugula nsapato koma mutu ukamawawa sutsutsa mtengo. Onsewa akuthamangira anthu a medical aid, pafupifupi 9 miliyoni m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni. Otsalafe tizionera pa galasi. Pulezidenti Ramaphosa anasaina lamulo la NHI mu Meyi 2024, loti chithandizo chikhale cha onse, koma mpaka lero nkhani yake ili m'makhoti, ndipo ngakhale litayamba mawa, "onse" ameneyo ndikudziwa ali ndi manambala 13.

Dzulo lomwelo ndinakathera m'shopu ina ya mankhwala. Namwino anandiyeza pakati pa shelefu ya matewera ndi ya mafuta onunkhira, n'kunena kuti BP yakwera zedi, koma kuti ndilandire mapilisi ndiyankhule ndi dokotala wa pa kanema. Ndalama ina. Dokotala ali kutali, ine kuno, netiweki ikudukaduka, nkhope yake inaima pakamwa pali yasa ngati chambo cha pa msika. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti adokotala, asing'anga a kwathu amaona munthu m'kalilole kuyambira kalekale, inu mwachedwa.

Koma timabokosi tija. Usiku wonse ndakhala ndikutiwerenga padenga. Bwenzi atandiuza kuti mtengo wakwera, ndikanadandaula n'kulipira. Bwenzi atanditukwana, ndikanadziwa woti ndimukwiyire. Koma ukwiyira ndani? Kamtsikana kaja nako n'kolembedwa ganyu, mwina mwezi wamawa kakompyuta komweko kakachotsa ntchito. Mwini kilinikiyo sadziwika, ali mu ofesi ina yozizira akuwerenga mitu ya odwala ngati ng'ombe za pa msika wa kwa Ngabu. Khadi langa la zaka 9, mmene munalembedwa tsiku limene ndinathyoka chala ndi tsiku limene ndinalira maliro a bambo ndili pa benchi yake, ndinafunsa kuti lili kuti. Akuti zakale zonse "sizinalowe mu sisitemu".

Inunso a kumudzi musaseke kwambiri. Ndinu amene mumaimba 5 koloko m'mawa, moni wake theka, kenako "ankolo, kwacha yagwa". Ndikudziwa inagwa, 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinamva kuwawa kwake pa Mukuru ndisanamve pa wailesi. Wina akufuna foni ya makamera atatu. Wina akuti ndimutumizire mankhwala a nyamakazi pa basi, ngati ine ndili ndi famase. Koma wolakwa wamkulu ndine. Ndine amene ndimajambulitsa nditatsamira galimoto ya abwana nditangomaliza kuitsuka, n'kuponya pa Facebook kuti "Mulungu ndi wabwino". Ndowa ndi chiguduli ndimazikankhira kumbali ndi phazi. Ndinakunamizani ndekha kuti kuno ndi kumwamba, lero ndikudabwa kuti mukupempha mana. Agogo anapita pa Wenela anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Ine ndidzabwerako ndi BP ndi zithunzi za galimoto za eni.

Achimwene, apa ndiye ndasiya nthabwala. Mukukumbuka Marichi 2023, madzi a Freddy atalowa usiku, amayi anasiya mbale, mabulangete, nkhuku, koma buku lawo la kuchipatala analikulunga m'jumbo ya shuga n'kulimanga pamutu ndi chitenje. Linafika ku kampu louma. M'bukumo muli zonse, tsiku lililonse limene anayezedwa, dzanja la namwino aliyense. Ndikudziwa kwathu mankhwala amatha, munthu amayenda mtunda dzuwa lili pamutu n'kuuzidwa kuti akagule yekha. Sindikukometsa umphawi. Koma amayi akafika pa benchi paja amawaitana ndi dzina la kwawo, amawafunsa za mwendo uja, amawafunsa ngati mwana wawo wa ku Joni akuimba. Ine dzulo ndinaima ndi ndalama m'thumba, wathanzi langa ndikulimira anthu maluwa zaka 12, n'kuuzidwa kuti ndikatenge mwini wanga.

Mwezi uliwonse pa gulu lathu la WhatsApp timasonkha za maliro, wina wa ku Nsanje, wina wa ku Chikwawa, kuti thupi likwere ngolo ya kumbuyo kwa galimoto, lidutse Beitbridge, Tete, Mwanza, litsike phiri mpaka pa Thabwa. Ndasonkhera anthu ambiri. Sindikufuna kuti amayi adzandilandire choncho.

Za BP yangayi musawauze, angasiye kudya. Njerwa zija zili kumtunda kwa Bangula muziphimbe mvula isanayambe, ndipo mufunse amfumu ngati malo aja akadali athu. Disembala ndikubwera, tikiti yobwererayo ndiona ndili konko. Mukapeza mpata mutsegule sutikesi yanga yachitsulo ili kwa alamu, pansi pa malaya a ukwati pali buku langa la kuchipatala. Muone ngati chiswe sichinadye.