Nyumba ya bondi kuno ku Joni imapita munthu ali chete

Abale anga, tisamanamizane. Munthu akalandira makiyi, n'kujambulitsa pageti, zithunzi n'kuzimwaza pa WhatsApp kuti wagula nyumba, kawirikawiri sadziwa chimene wasainira. Dzina lake lilipodi pa chikalata cha umwini. Koma pa nyumba yomweyo banki yalembetsa bondi ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga zikalata za umwini, kutanthauza kuti nyumbayo ndi chikole. Simungaisinthe dzina bondiyo isanafafanizidwe, ndipo mukalephera kubweza, banki ikhoza kupempha khoti kuti iigulitse.

Mlendo amayamba ali kale kumbuyo. Amene sakhala m'dziko muno nthawi zambiri sabwerekedwa kupitirira theka la mtengo wa nyumba. Pamwamba pa dipoziti pali ndalama za maloya, wosamutsa umwini ndi wolembetsa bondi. Ndiye kubwere chiwongola dzanja. Tiyerekeze mwabwereka R1,000,000 pa 11 peresenti kwa zaka 20. Mwezi uliwonse muzipereka R10,300 ndi kanthu, koma mwezi woyamba R9,167 ndi chiwongola dzanja chokhachokha. Pakutha zaka 5 mwakhetsa ndalama zoposa R600,000, ngongole ikadali pamwamba pa R900,000. Komanso bondi zambiri zimayendera chiwongola dzanja chosinthasintha: Reserve Bank ikakweza, nanunso ya pamwezi yakwera, abwana anu asanawonjezere ngakhale senti.

Mawu amene anthu sawerenga ali mkati mwa mgwirizano: mukadumpha malipiro, banki ili ndi mphamvu yofuna ngongole yonse nthawi imodzi, osati miyezi mwaphonyayo yokha.

Komabe banki siingodzuka n'kulanda nyumba. Lamulo la National Credit Act la 2005 limati iyambe yakutumizirani kalata ya ndime 129, yokuuzani kuti muli kumbuyo ndiponso kuti mukhoza kupita kwa mlangizi wa zangongole. Siingakusumireni musanakhale kumbuyo masiku 20 a ntchito, komanso pasanathe masiku 10 a ntchito chitumizireni kalatayo. Masiku ochepa amenewa ndi pamene alendo timafera. Kalata imapita ku adiresi imene munalemba nokha posaina. Ife ndi anthu osamukasamuka: wina waika malenti m'nyumbamo iye n'kukagona kufupi ndi ntchito, wina wapita kumaliro n'kutsakamira pa Beitbridge chifukwa pemiti yatha. Kalata yagona ku positi ofesi. Mu 2014, pa mlandu wa Kubyana, khoti lalikulu la malamulo a dziko linagamula kuti banki ikatumiza kalata moyenera, inu n'kusakaitenga popanda chifukwa chomveka, vuto ndi lanu. Kusintha adiresi kumafuna kalata yolembedwa. Kuuza mtsikana wa pa kauntala pakamwa sikuthandiza.

Kenako sherifu amabweretsa chisamani, ku adiresi yomweyo. Muli ndi masiku 10 a khoti oti mudziwitse kuti mudziteteza. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu athu amaopa khoti ngati ndi ofesi ya zolowa ndi kutuluka. Amaganiza kuti akaonekera afunsidwa mapepala, ndiye amazimitsa foni. Chigamulo n'kuperekedwa iwo kulibe.

Chonsecho chitetezo chilipo, ndipo sichifunsa kuti munabadwira kuti. Kuchokera pa milandu ya Jaftha mu 2004 ndi Gundwana mu 2011, nyumba yokhalamo siingagulitsidwe popanda woweruza kuunika nkhaniyo. Kalaliki wa khoti sangangodinda. Kuyambira mu Disembala 2017, lamulo la makhoti lotchedwa Rule 46A limalola woweruza kuika mtengo wosatsikirapo pa okushoni, chifukwa kale nyumba zinkapita pa mtengo wa chipongwe. Koma woweruza amaona zimene zili patebulo pake. Ngati simunabwere kudzanena kuti m'nyumbamo muli ana angati, mwatsalira ndi zingati, mwapeza ntchito ina liti, akalota?

Chinanso chimene ambiri sauzidwa: nyumba isanagulitsidwe, mukhoza kuutsa mgwirizano polipira zimene munatsalira, zilango zake ndi ndalama zoyenera za mlandu. Simufunika kupeza miliyoni yonse. Mlandu wa Nkata mu 2016 unatsimikiza zimenezi. Nyumba ikangogulitsidwa n'kusinthidwa dzina, khomo limenelo latsekeka. Nakonso kwa mlangizi wa zangongole pitani chisamani chisanatuluke, chifukwa pambuyo pake bondiyo siilowanso m'ndondomeko yake.

Ngati mukuona kuti ndalama sizidzabwereranso, gulitsani nokha nthawi ikadalipo. Mabanki akuluakulu ali ndi dongosolo lothandiza kugulitsa, ndipo mtengo wa pamsika nthawi zambiri umaposa wa pa okushoni. Kukakamira nyumba poopa kusekedwa ndi anthu a kutchalitchi n'kumene kumasiya munthu wopanda nyumba, wopanda ndalama. Chenjeraninso ndi "othandiza" amene amabwera pa nthawi ngati imeneyi n'kumati sainani apa tikubwerekeni, pamene pepalalo ndi logulitsa nyumba.

Wogula pa okushoni alibe ufulu wotaya katundu wanu panja kapena kusintha maloko yekha. Lamulo la PIE la 1998, loletsa kutulutsa anthu m'nyumba mwachisawawa, limafuna chilolezo cha khoti asanakutulutseni. Zimenezi zimangokugulirani nthawi yopakira, nyumba yapita basi.

Ndipo nkhani siithera pamenepo. Ndalama za okushoni zimayamba zalipira sherifu ndi ngongole za khonsolo, banki n'kutenga zake. Ngati munali ndi ngongole ya R900,000, nyumba n'kupita pa R600,000, yotsalayo ikadali pamutu panu ndipo ikuberekabe chiwongola dzanja. Ngongole wamba imafa pakatha zaka 3 osaitsata. Ya bondi imatenga zaka 30.