Anachotsa dripu achemwali akadatentha thupi

Mwezi wathawu achemwali anga anachitidwa opaleshoni ya mtima kuno ku Joni, kuwasinthira valavu yomwe inawonongeka ndi matenda a rheumatic fever ali mtsikana kumudzi. Mawa lake anamwino anachotsa dripu ya cefazolin, antibayotiki woteteza bala ku bakiteriya, chonsecho thupi likutentha. Alamu anasowa mtengo wogwira. Anandikokera pakhonde nkundinong'oneza: "Mlamu, anthuwa akutinyoza poti ndife obwera. Amachotsa bwanji mankhwala munthu akutentha chonchi?"

Inenso mtima unali m'mwamba. Koma dokotala anatikhazika pansi nkutionetsa zotsatira za magazi. Opaleshoni ngati iyi, magazi amadutsa m'makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo, ndipo thupi limalusa ngakhale mulibe kachilombo. CRP, chizindikiro cha m'magazi choonetsa kuti thupi lalusa, imakwera mpaka tsiku lachiwiri kapena lachitatu mwa aliyense wong'ambidwa chifuwa. Procalcitonin, chizindikiro china chomwe chimakwera kwambiri bakiteriya akalowa m'thupi, imakwera msanga, tsiku loyamba, kenako imayenera kumatsika. Ya achemwali inkatsika m'mawa uliwonse. Ikanakweranso, bala nkuyamba kutuluka mafinya kapena chifuwa nkumalira, akanatenga magazi kukafufuza bakiteriya nkuyamba mankhwala nthawi yomweyo.

Ine ndikuti madokotalawo anachita bwino, ndipo Amalawi anzanga tisiye kuwakakamiza. Kwathu tinazolowera kugula Bactrim ndi makapisozi a amoxicillin pagolosale chimfine chikangotigwira, ndiye timaona ngati wodwala wopanda antibayotiki watayidwa. Komatu maantibayotiki akachuluka amavulaza impso, amayambitsa kutsegula m'mimba koopsa, ndipo tizilombo timapima. Mu 2019 mokha, anthu 1.27 miliyoni padziko lonse anafa ndi bakiteriya osamva mankhwala.

Sindikupeputsa matenda obwera pambuyo pa opaleshoni ayi. Louis Washkansky, woyamba kuikidwa mtima wa munthu wina ndi dokotala Christiaan Barnard ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1967, anamwalira ndi chibayo patangotha masiku 18. Nchifukwa chake ndikufuna mankhwalawa adzagwirebe ntchito tsiku lomwe achemwali adzawafune zenizeni. Nambala ya procalcitonin payokha siweruza mlandu, dokotala amaonanso bala, kapumidwe ndi mkodzo. Ife ntchito yathu nkufunsa ngati ikutsika kapena ikukwera.

Achemwali ali kunyumba ku Turffontein, akuyenda pang'onopang'ono atakumbatira pilo pachifuwa. Dzulo ndapeza amoxicillin mudirowa yawo, alamu anachita kuitanitsa pabasi kuchokera kumudzi. Ndamutenga, ndikamusiya ku famase Lolemba.