7x57 Mauser sinathe ntchito ayi

Mwalemba kuti chipolopolo cha 7x57 Mauser chatha nthawi yake, ati china chotchedwa 6.5 Creedmoor chachiposa posaka agwape. Apo ndiye ndakana, achimwene. Chipolopolochi chinatuluka mu 1892, ndipo kuno ku Britain ena amachidziwa kuti .275 Rigby. Chimaoneka chofooka chifukwa makampani a ku America amathiramo onga wochepa, poopa mfuti zakale za 1893 zosapirira mphamvu yambiri.

Ine zipolopolo ndimadzipangira ndekha. Madzulo ndimakhala pa tebulo ndi kasikelo, zigoba zotsukatsuka zili waliwali m'mbale, n'kumayeza onga wa chimodzichimodzi monga likunenera buku la malangizo, kenako kusuzumiramo ndi tochi ndisanakhazike mutu wa chipolopolo. Ndi mitu yolemera magireni 140 (gireni ndi kamuyeso ka kulemera) mfuti yanga inkamwaza, mtima unkandipweteka. Nditazindikira kuti khosi la mpope wake, poyambira pamene mutuwo umalowera, ndi lalitali, loyenera mitu yaitali ya 175, ndinayesa 160. Zipolopolo zitatu zinalowa pamalo oti n'kuphimba ndi ndalama yachitsulo, pa mamita 100.

Gwape wofiira amene ndinawombera ku Scotland anangoyenda mapazi ochepa n'kugwa, nyama yosawonongeka, phewa langa osamva kanthu.