CHENJEZO: Fumbi la malata a asibesitosi mukusewera nalolo

Zandinyansa zimene ndaona sabata yathayi kuno kwathu. Akugwetsa nyumba yakale ya m'mbali mwa msewu kuti amangepo mashopu, ndiye anyamata aganyu akwera padenga kumaphwanya malata a asibesitosi ndi hamala, wina pansi akudula ndi girayinda kuti zidutswa zikwane mu wilibala, fumbi mbuu kumaso, m'tsitsi, m'mphuno, opanda ngakhale kansalu pakamwa. Ana ochokera kusukulu akutola tizidutswa kumalembera pansi. Mayi wina wasenza chidutswa chachikulu akuti akaikepo mbaula poti sichipsa. Mwini ntchito ali phee m'galimoto, magalasi otseka, akuseka pa foni. Zoona izi abale?

Ukawalankhula anyamatawo akuti "madala ife tinazolowera, sitidwala." Mumafuna mudwale lero lomwe? Timaulusi ta asibesitosi sitioneka ndi maso, tikalowa m'mapapo timakhazikika momwemo, ndipo matenda amadzatulukira patapita zaka 20, 30 mwinanso 40. Mnyamata akudula lerolo adzayamba kubanika ana ake ali ku sekondale, ndiye pamenepo mudzayamba kuloza zala agogo a m'mudzi kuti amulodza. Wamulodza ndani? Si girayinda ija?

Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi azibambo achikulire amene anagwira ntchito zimenezi kalekale, amakalipentala okhoma madenga, mapulambala odula mapaipi akale a madzi aja, amakaniko opemerera fumbi la mabuleki ndi pakamwa. Zizindikiro zili poyera koma pakhomo aliyense akungoti ndi ukalamba. Bambo amene ankapalasa njinga ndi thumba la chimanga lero kachitunda kopita ku tchalitchi akuima panjira, manja m'chiuno, wefuwefu, kulephera kumaliza moni. Ukalamba umenewo? Chifuwa chouma chosatha miyezi ndi miyezi, inu mukungomugulira timaswiti ta chifuwa pa okala, mwinanso mandimu ndi jinja. Akudandaula kupweteka pachifuwa, m'nthiti mpaka paphewa, mukuti wagonera mbali imodzi. Lamba wabooleredwa kale mabowo atsopano chifukwa thalauza ikugwa, nsima akungoigwiragwira, kutopa osagwira ntchito, thukuta usiku, mawu asasa osabwerera. Tamuyang'anani zala, nsonga zake zafufuma, zikhadabo zakhota ngati kumbuyo kwa sipuni. Ena madzi amadzadza m'chifuwa, ena mimba imatupa, ena makhololo amabwera ndi magazi. Mukudikira chiyaninso, agwe kaye?

Inde zimafanana ndi TB, ndipo kukayezetsa TB ndi bwino ndithu, pitani. Koma ngati makhololo ayezedwa osapezeka kanthu, kapena wamwa mankhwala miyezi 6 yonse mosadumphitsa koma kubanika kukungopitirira, bwererani kuchipatala mukanene ntchito imene munthuyo ankagwira. Nenani kuti anadula asibesitosi, anakhala kumgodi, zaka zakuti. Dokotala salota ayi! Mukangoti "akutsokomola" adzakupatsani za chifuwa basi, pomwe pamafunika X-ray ndi kumuyeza bwinobwino mapapo. Pali asbestosis, imene imaumitsa mapapo ndi zipsera zosabwerera. Pali khansa ya m'mapapo. Pali mesothelioma, khansa yoopsa ya kachikopa kokuta mapapo kapena m'mimba, imene ambiri amaizindikira mochedwa. Ndiye wina wapuma fumbi limeneli zaka zonsezo ndudu ili pakamwa, kodi mapapowo ndi angati?

Musaganize kuti ndi nthano za madala. Kafunseni ku South Africa, ku Kuruman, ku Prieska, ku Penge, kumene ankakumba asibesitosi. Kale mu 1960 dokotala Wagner ndi anzake anaonetsa kuti mesothelioma ikupha anthu a madera a migodi ya ku Northern Cape, ndipo ena mwa odwalawo sanalowepo mumgodi, anangokhala pafupi, ena anasewera pa milu ya zinyalala za mgodi ali ana. Mayi wongokutumula ndi kuchapa ovololo ya mwamuna wake nayenso amapuma zomwezo. Britain inaletseratu asibesitosi mu 1999, South Africa mu 2008. Iwowo ndi opusa, ochenjera ndinu? Ndipo inu amene bambo kapena agogo anu anagwirako ku migodi ya ku Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe, akayamba kubanika musamangokhala chete.

Denga limene lili bwinobwino lisiyeni, musaliboole, musalikwechese. Ngati lichoke ndithu, linyowetseni ndi madzi, masulani, tsitsani lata lonse lathunthu, valani masiki yeniyeni ya fumbi osati kampango, musasese pouma, zovala za ntchitozo musapite nazo kunyumba kukanyamulira mwana. Zovuta pamenepa ndi ziti?

Ndipo inu bwana otseka magalasi, fumbi mukulidziwa bwino kuti ndi loipa, nchifukwa chake simunatsike. Ana a eni ake mwawatuma apume m'malo mwanu pa ndalama ya ganyu. Manyazi mulibe!