Chigoli cha Dickov n'chachikulu kuposa cha Agüero

Masiku apitawa ndinacheza nthawi yaitali ndi anzanga angapo amene takhala tikuchemerera limodzi timu ya Manchester City kuyambira tili achinyamata, ndipo nditasiyana nawo ndinazindikira kuti m'macheza athu onse palibe ndi mmodzi yemwe anatchula chikho cha Champions League chimene timuyi inatenga ku Istanbul mu 2023. Tinakamba za Luton Town, za York City ndi za Gillingham, mayina amene ana athu akawamva amangotiyang'ana modabwa. Kuyambira tsiku limenelo mumtima mwanga muli mfundo imene ndikufuna kuiyala poyera, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri a inu munditsutsa. Ine ndikuona kuti chigoli chofunika kwambiri m'mbiri ya timu imeneyi ndi chimene Paul Dickov anagoletsa Gillingham pa 30 Meyi 1999, ndipo chimaposa ngakhale chija cha Sergio Agüero cha mu 2012 chimene dziko lonse limachidziwa.

Mundilole ndiyambire patali pang'ono kuti mundimvetse. City inatenga ligi mu 1968, FA Cup mu 1969, zikho zina ziwiri mu 1970, kenako League Cup mu 1976, ndipo zitatero panadutsa zaka 35 popanda chikho chachikulu chilichonse. Ine ndinayamba kuikonda mu 1981, chaka chimene inagonja kwa Tottenham pa ndime yomaliza ya FA Cup, Ricky Villa atadyetsa njomba otchinga kumbuyo athu mmodzimmodzi mpaka kuuponya mpira mu ukonde. Choncho ndinafika phwando litatha kale, ndipo zimene ndinakula nazo zinali zaka za kugwa ndi kudzuka. Mu 1983 tinkangofunika kufanana mphamvu ndi Luton Town pabwalo lathu la Maine Road kuti tikhalebe mu ligi yaikulu, koma Raddy Antić anatigoletsa kutatsala mphindi zochepa, ndipo tinatuluka. Tinabwerera, n'kutulukanso mu 1987.

Koma bala limene silinapole mwa ambiri a ife ndi la mu 1996. Pa tsiku lomaliza la ligi tinkasewera ndi Liverpool, tinatsalira ndi zigoli ziwiri, kenako Uwe Rösler ndi Kit Symons anabweza zonse ziwiri. Pamenepo panamveka mphekesera yabodza yakuti matimu amene tinkalimbirana nawo malo akugonja kwina, ndiye kuti 2-2 yatikwanira. Osewera athu anayamba kudya nthawi, Steve Lomas akuusunga mpira pakona, pamene zoona zake zinali zakuti tinkafunika chigoli chachitatu. Niall Quinn, yemwe anali atatulutsidwa kale m'bwalo, ndiye anathamanga kukawauza anzake kuti anamizidwa, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Tinatuluka mu Premier League tili ndi mapointi 38, ofanana ndi a Southampton ndi Coventry, atatiposa pa kusiyana kwa zigoli basi. Kugonja chifukwa chakuti mnzako wakuposa mphamvu kumapiririka, koma kudzitchera wekha msampha chifukwa cha uthenga wolakwika kumawawa mwa mtundu wina, ndipo mpaka lero ndikaona wosewera akusunga mpira pakona ndimakumbuka tsiku limenelo.

Chaka chotsatira aphunzitsi ankangosinthana ngati malaya, moti Steve Coppell anakhala pampando masiku 33 okha. Tinali ndi Georgi Kinkladze, mnyamata wa ku Georgia amene mwendo wake wamanzere unkachita zodabwitsa, koma munthu mmodzi sakanatha kunyamula timu yonse. Mu Epulo 1998 Jamie Pollock anadzigoletsa ndi mutu pamasewera ofunika kwambiri ndi Queens Park Rangers, ndipo pa tsiku lomaliza tinakaswa Stoke City 5-2 kwawo koma osapindula kanthu, chifukwa matimu ena onse amene tinkawadikira kuti apunthwe anapambana. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, timu imene inatengapo chikho cha ku Ulaya inatsikira mu ligi ya gawo lachitatu.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yanga. Anthu amene sanazione zaka zimenezo amaganiza kuti timu yaikulu ikatsika chotero imangodutsa mosavuta n'kubwerera kumene inachokera. Sizinali choncho ayi. Pa 19 Disembala 1998 City inagonja 2-1 ku York City n'kukhala pa nambala 12 mu ligi ya gawo lachitatu, ndipo m'mbiri yonse ya timuyi palibe pamene inatsikapo kuposa pamenepo. Komabe m'chaka chimenecho anthu pafupifupi 28,000 ankabwera ku Maine Road pamasewera aliwonse a ligi, kudzaonera timu yawo ikulimbana ndi matimu ngati Macclesfield Town. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo sindikudziwa gulu lina la ochemerera limene linasonyeza tanthauzo la mawu amenewa momveka bwino kuposa anthu amenewo. Mphunzitsi Joe Royle anabweretsa Andy Morrison, wotchinga kumbuyo wolimba mtima amene anakhala kaputeni, timu inayamba kupambana pambuyo pa Khirisimasi, ndipo inathera pa nambala 3, kutanthauza kuti inayenera kudutsa m'masewera achipulula kuti ikwere.

Ndime yomaliza inali ku Wembley, ndi Gillingham. Kumbukirani kuti masiku anayi okha m'mbuyomo, pa 26 Meyi, anansi athu a Manchester United anali atagonjetsa Bayern Munich ku Barcelona n'kukwanitsa zikho zitatu m'chaka chimodzi. Mzinda umodzi, timu ina ili pamwamba pa Ulaya yense, ina ikulimbirana kuti ituluke mu ligi ya gawo lachitatu. Pa mphindi ya 81 Carl Asaba anatigoletsa, pa mphindi ya 87 Robert Taylor anaonjezera chachiwiri, ndipo ochemerera ambiri anayamba kutuluka m'bwalo misozi ili m'maso. Ine sindiwadzudzula anthu amenewo, chifukwa munthu amene waona zimene iwo anaona kuyambira 1983 anali ndi chifukwa chokwanira chokhulupirira kuti zatha. Kevin Horlock anabweza chimodzi pa mphindi ya 90, ndipo ambiri tinachitenga ngati chigoli chongopukutira misozi. Woyimbira anaonjezera mphindi zisanu. M'mphindi yomaliza mwa zisanuzo mpira unagwera Dickov, munthu wamfupi amene ankadziwika ndi khama kuposa luso, ndipo anaumenya mwamphamvu n'kulowa m'mwamba mwa golo, kudutsa goloboyi Vince Bartram, yemwe anali mnzake wapamtima amene anamuimira pa ukwati wake. Pa mapenate Dickov yemweyo anaphonya yake, mpira utagunda mitengo yonse iwiri, koma goloboyi wathu wachinyamata Nicky Weaver anagwira awiri ndipo tinapambana 3-1.

Tsopano tiyerekeze ndi chigoli cha Agüero. Sindikuchichepetsa m'pang'ono pomwe, ndipo pa 13 Meyi 2012 ndinalira ngati mwana pamene zaka 44 zodikira ligi zinatha pa mphindi ya 93 ndi masekondi 20. Koma tidzifunse moona mtima kuti chikanachitika n'chiyani Agüero akanaphonya. United ikanatenga ligi, tikanapwetekedwa mtima koopsa, koma m'mawa mwake City ikanadzukabe ili timu yolemera, yokhala ndi David Silva, Yaya Touré ndi Vincent Kompany, ndipo ikanayesanso chaka chotsatira. Mu 2014 inatengadi ligi kachiwiri. Nanga Dickov akanaphonya? Timu ikanakhala chaka chachiwiri mu ligi ya gawo lachitatu, ndalama zikuchepa, osewera abwino akufunidwa ndi matimu ena, ndipo tonse taona matimu akuluakulu a ku England amene anatsika chotero n'kutha zaka zambiri akulephera kubwerera, monga Leeds United imene inakhala zaka 16 kunja kwa Premier League. M'malo mwake City inakweranso mu 2000, ndipo ngakhale inatsika mu 2001, Kevin Keegan anaibweza mu 2002, kenako mu 2003 inasamukira kubwalo latsopano limene linamangidwira masewera a Commonwealth. Anthu a ku Abu Dhabi amene anaigula pa 1 Seputembala 2008 anagula timu ya mu Premier League yokhala ndi bwalo lamakono ndiponso khamu la ochemerera okhulupirika. Ndikukayika kwambiri ngati akanayang'ana n'komwe kumbali yathu zinthu zimenezi pakanapanda.

Ena amati ndalama ndizo zinasintha zonse, ndipo sindikutsutsa. Mu ligi ya 2006-07 timuyi inagoletsa zigoli 10 zokha pakhomo chaka chonse, ndipo mu Meyi 2008, miyezi yochepa asanabwere eni atsopano, Middlesbrough inatikwapula 8-1. Popanda chuma chimenecho sitikanafika pamene tafikapa, ndipo wochemerera aliyense woona mtima ayenera kuvomereza zimenezi. Chimene ndikukana ndi mawu amene timanyozedwa nawo akuti City ilibe mbiri. Mbiri ilipo, kungoti mbali yaikulu ya imene ife tinaiona ndi maso ndi ya kugonja, ndipo anthu anazolowera kuwerenga zikho zokha akamanena za mbiri. Ku Old Trafford, bwalo la United, kunali chinsalu chimene ochemerera United ankawerengerapo zaka zathu zopanda chikho, akusintha nambala chaka ndi chaka mpaka inafika 35. Chinachotsedwa mu 2011, Yaya Touré atagoletsa Stoke City pa ndime yomaliza ya FA Cup, ndipo mphunzitsi wa Stoke tsiku limenelo anali Tony Pulis, yemwe uja ankaphunzitsa Gillingham mu 1999.

Kwa anzanga amene tinadutsa limodzi m'zaka zimenezo ndili ndi pempho limodzi. Ndimamva ena a ife akunyoza achinyamata amene anayamba kuikonda timuyi m'nthawi ya Pep Guardiola, kuwatcha otsatira zikho, ngati kuti iwo anasankha okha chaka chobadwa. Zimenezi sizindisangalatsa. Mnyamata amene sadziwa osewera akale ngati Shaun Goater kapena Andy Morrison sanalakwe kanthu, olakwa ndife amene sitinakhale naye pansi n'kumufotokozera. Masewera a ku Wembley aja alipo pa intaneti, ndipo ine ndimawaonera chaka chilichonse pa 30 Meyi. Chaka chino ndinaonera ndi mwana wa mchimwene wanga, yemwe anabadwa timuyi italemera kale. Taylor atagoletsa chachiwiri chija anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Koma bambo aang'ono, mukunena zoona kuti masewera amenewa tinapambana?" Ndinamuuza kuti adikire, ngakhale kuti inenso, wodziwa bwino mathero ake, manja anali akundinjenjemera.